Khoma lonyowa ku Highfield: momwe ntchito yokonza nyumba ya malume ikuyendera

Nyumbayi ndi ya malume anga. Ili ku Highfield mu mzinda wa Harare, ku Zimbabwe, zipinda zinayi, ndiye pali bafa ndi chimbudzi cha m'kati zomwe anachita kuwonjezera okha akugwirabe ntchito ku mafakitale a ku Southerton. Atapuma pa ntchito anabwerera kumudzi ku Dedza, ine n'kundisiyira udindo wotolera lendi ndi kuwatumizira. Za zokonzakonza anazisiya m'manja mwa mwana wawo wamkulu, msuweni wanga wa ku Johannesburg, poti ndiye amatha kutulutsa ndalama msanga. M'nyumbamo muli banja la ana atatu, anthu akwathu omwe, agogo awo anachokera ku Zomba. Lendi ndi madola 280 pa mwezi, ndipo dipoziti ya mwezi umodzi ili kwa ine.

Madzi alowa m'khoma, katundu waonongeka mbali zonse ziwiri, ndipo anthu ayamba kulozana zala. Ndikulemba zonse motsatana kuti malume, asuweni anga ndi a m'nyumbamo aziwerenga chinthu chimodzi, pasadzapezeke wonena kuti iye anamva zina.

Sabata yoyamba, Lolemba

Mayi a m'nyumbamo anaimba kusanache kuti pulasitala wagwa usiku kuchipinda kwa ana. Ndapeza khoma lolekanitsa chipindacho ndi bafa litanyowa kuchokera pansi kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Penti yatupa matuzamatuza, ukangoikhudza ndi chikhadabo ikusendeka. Kabati ya zovala yomwe inatsamira khomalo yafufuma kumbuyo konse, thabwa lake likunyenyeka m'manja. Matiresi a ana achita chuku kunsi, chakuda ndi chobiriwira, ndipo fungo lake likukulandira usanalowe n'komwe. Zomwe zandipweteka kwambiri ndi makope a mtsikana wawo wa Fomu 4. Anali m'katoni pansi pa bedi. Masamba amamatirana, inki yayenderera, mayeso a boma a ZIMSEC ali pakhomo.

Denga tisalinamizire. Uno ndi Okutobala, mvula sinayambe, ndipo kumtunda kwa khomalo n'kouma gwa.

Chinthu chilichonse chisanasunthidwe ndajambula zithunzi, chipinda chonse komanso chinthu chimodzichimodzi pafupi. Kenako tatseka madzi pa mita. Chotsekera chake chinagwira dzimbiri moti tachita kubwereka bobojani kwa aneba. Tathimitsa magetsi a masoketi pa bolodi, chifukwa pakhoma lonyowalo pali soketi yomwe ana amatchajirapo foni. Katundu yense tamutulutsa padzuwa, ana azigona kaye pabalaza.

Bambo a m'nyumbamo andiuza ali chiimire pakhonde: "Achimwene, lendi ya mwezi uno musaiyembekezere. Mpaka nyumba itakonzedwa ndiponso katundu wanga atabwezedwa." Madzulo malume nawo pa foni: "Dipoziti yawo ili kwa iwe, konzera yomweyo. Akakana atuluke, ofuna nyumba ndi ambiri." Onse awiri ndawapempha chinthu chimodzi, kuti tiyambe taona paipiyo ndi maso. Pakali pano palibe amene akudziwa chomwe chabooka, nanga tiweruza bwanji?

Lachitatu

Dzulo m'mipopi munalibe kanthu, ndiye panalibe choyeza. Aliyense wokhala m'Harare muno akudziwa kuti madzi ochokera ku nyanja ya Chivero, odzera koyeretsera madzi ku Morton Jaffray, safika kwa tonse tsiku ndi tsiku. Abwera lero m'bandakucha. Ndadikira kuti mipopi ithe kulavula mpweya ndi madzi ofiira aja, chifukwa mpweya nawo umatha kuzunguza mita n'kukupatsa nambala yabodza.

Kayezedwe kake n'kosavuta, aliyense angathe. Tatsegula pa mita, tatseka mipopi yonse ya m'nyumba ndi wa panja, ndalemba nambala, n'kuuza ana kuti pasapezeke wogejemula chimbudzi. Patatha ola, mita yayenda malita 25. Ndiye tamangirira m'mwamba kampira koyandama ka m'thanki ya chimbudzi kuti madzi asalowemo, tadikiranso ola lina. Yayenda malita 18. Kutanthauza kuti malita 7 pa ola akuthawira m'chimbudzi, valavu yake yatha, ndipo malita 18 akupita kosaoneka. Pa tsiku lomwe madzi akhala osaduka, amenewo ndi malita oposa 400, migolo iwiri ya malita 200, kulowa m'njerwa ndi m'maziko.

Ndili komweko ndaona kuti kabati ya pansi pa sinki kukhitchini nayo yatupa, ndipo matailosi a pakhomo la khitchini akugwedera. Khitchini ili kutali ndi khoma lija. Nditafunsa, mayi sanabise. Mwezi watha madzi atasowa, wina anatsegula mpopi kuyesa ngati abwera, n'kuiwala kutseka. Anabwera pakati pa usiku, m'sinki muli mbale yomwe inatseka pabowo, ndipo podzuka anapeza khitchini ili dziwe. Zimenezi zimagwera mabanja ambiri kuno, ndipo ndawathokoza mayiwo ponena zoona pomwe akanatha kukankhira zonse ku paipi ya malume.

Choncho mavuto ndi atatu, ndipo magwero ake ndi osiyana. Ndawalemba padera lililonse, chifukwa akangosakanizidwa, wolongolola kwambiri ndiye adzapambane.

Loweruka

A pulambala abwera. Ndi bambo achikulire obadwira ku Mbare, makolo awo a ku Ntcheu, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chishona. Asanagumule paliponse anagunditsa sikuludiraiva pa paipi ya kubafa, chogwirira chake n'kuika pakhutu, kumvetsera komwe madzi akulira. Analemba chizindikiro ndi khala, n'kuyamba ndi tchizulo. Njerwa zake zinali zofewa, dothi lomangira likutuluka ngati phala.

Cholakwa chapezeka pa elibo, pomwe paipi ya chitsulo ya hafu inchi imakhota kukwera ku shawa. Kunja yavala chikhungwa cha dzimbiri, ndipo pa mazinga pali kabowo konga kobooledwa ndi singano, kakuthira madzi cham'mbali kulowa m'khoma. Iwo ati mapaipi a galvanised amayambira pamenepo kufa, chifukwa podula mazinga mmisiri amachotsa zinki yoteteza chitsulo, ndipo chitsulocho chimatsala chopyapyala. Atadula chidutswa anandipatsa kuti ndisuzumire m'kati. Dzimbiri ladzaza mozungulira monse, njira ya madzi yatsala yoti pensulo singadutse.

Anenanso chinthu chomwe ndikufuna malume achimve bwino. Paipi yomwe imadzaza lero, mawa n'kuuma, mkuja n'kudzazanso, imadyeka msanga kuposa yokhala ndi madzi nthawi zonse, poti mpweya umalowamo n'kudyetsa dzimbiri. Ndiye madzi akamabwerera amabwera ndi mphamvu, akukankha mpweya patsogolo, n'kumenya pofooka. Paipiyi palibe anaikhomera msomali, palibe anaimenya ndi chinthu. Yatha ndi ukalamba. Chidutswacho ndachisunga m'jumbo, chithunzi chake ndatumiza ku Dedza ndi ku Johannesburg.

Pakali pano atseka paipi yopita kubafa ndi pulagi. Banja likutunga pa mpopi wa panja ndi zigubu. Malangizo awo ndi oti tisaike chigamba pa elibo imodzi, chifukwa inzake yomwe inalowa m'khoma tsiku lomwelo ikudikira nthawi yake. Tisinthe mzere wonse kuchokera pa mita.

Sabata yachiwiri, Lachiwiri

Ndinapita m'tauni kukaonana ndi mayi wina wa za malamulo pa ofesi yothandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Ndinatenga pepala lathu la lendi, zithunzi ndi chidutswa cha paipi chija. Pepalalo ndi tsamba limodzi, muli maina, ndalama ndi tsiku lolipira basi. Za kukonza mulibe liwu ndi limodzi lomwe. Pomwe pepala lakhala chete, chimalankhula ndi lamulo la dziko, ndipo pa nkhani za lendi Zimbabwe imatsata malamulo a Roman-Dutch pamodzi ndi Rent Regulations, Statutory Instrument 32 ya 2007, yomwe imakhudza nyumba zokhalamo.

Mwininyumba ayenera kupereka nyumba yoti munthu n'kukhalamo, ndipo aisunge choncho nthawi yonse ya lendi. Zakutha ndi ukalamba, monga mapaipi, denga ndi giza, ndi zake, pokhapokha pepala litanena mosapita m'mbali kuti wochita lendi wavomera kuzisenza. Wochita lendi naye ayenera kusamala nyumba monga achitira munthu wanzeru, kulipira zomwe waononga iye, ana ake kapena alendo ake, ndi kudziwitsa mwininyumba msanga akaona cholakwika. Akadziwitsa, mwiniyo n'kungokhala, wochita lendi angathe kuchenjeza kuti akonza yekha, n'kukonzadi pa mtengo woyenera, ndalamayo n'kuiitanitsa kapena kuichotsa pa lendi, malisiti ali m'manja. Ngati mbali ina ya nyumba yasiya kukhalika chifukwa cha vuto lomwe si lake, lendi iyenera kutsika molingana ndi mbaliyo.

Pa katundu wa wochita lendi ndi pomwe ndinatchera khutu kwambiri. Mwininyumba salipira matiresi chifukwa chongoti paipi ndi yake. Paipi yobisika m'khoma ikhoza kuphulika iye osadziwa kanthu. Amalipira ngati ankadziwa za vutolo, kapena ankayenera kulidziwa, koma osachitapo kanthu. Ndiye nkhani yathu yonse yatsamira pa funso limodzi: a m'nyumbamo ananena liti, anauza yani, ndipo anayankhidwa chiyani?

Ziopsezo zonse ziwiri za Lolemba lija zagwa. Malume sangatulutse banjali ndi mawu a pa foni. Ndime 74 ya malamulo aakulu a dziko a 2013 imanena kuti munthu sachotsedwa pakhomo pake popanda chigamulo cha khoti. Zosintha maloko, kuzula zitseko kapena kudula madzi kuti munthu atope achoke yekha, zomwe timaziona m'makomboni muno, khoti limalamula kuti zibwezedwe mwakale. Dipoziti nayo ntchito yake ndi kutseka ngongole ya lendi ndi zomwe wochita lendi waononga, si yogulira mwininyumba mapaipi atsopano. Koma bambo a m'nyumbamo nawonso akakaniza lendi yonse adziika okha pamoto, chifukwa chitetezo chomwe lamulo limapatsa wochita lendi chimadalira kuti iye akupitiriza kulipira. Munthu woyamba ali wolakwiridwa amatha kutsiriza ali wangongole, katundu ali panja mwalamulo.

Zikakanika kumvana, kuli Rent Board pa mikangano ya lendi, kulinso khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama. Sindikufuna tifike kumeneko, koma ndi bwino onse adziwe kuti njirayo ilipo.

Inshuwalansi nyumbayi ilibe. Ngakhale ikanakhalapo, ya nyumba imateteza nyumbayo, katundu wa wochita lendi amafuna yakeyake.

Lachinayi

Takhala pansi ndi bambo ndi mayi, mafoni ali patebulo, kufufuza mauthenga akale a pa WhatsApp. Apezeka. Pakati pa Ogasiti mayi anatumiza uthenga wa mawu kwa msuweni wanga, ndi chithunzi cha khoma lili ndi banga la chinyezi. Yankho linabwera tsiku lomwelo: "Tamva mayi, tiona mwezi ukatha." Mwezi unatha. Kumayambiriro kwa Seputembala mayi anakumbutsanso, uthengawo unawerengedwa, yankho panalibe. Msuweni wanga sakukana. Akuti nthawi imeneyo ntchito inamuthera, ndipo anaganiza kuti ndi madzi othovukira kubafa chabe. Iye anawauza malume, iwo n'kuti zidikire.

Koma pali mbali inanso. Ndinafunsa kuti kabati ija inafika bwanji pakhoma limenelo, poti ine ndimaidziwa ili pafupi ndi zenera. Mayi anayang'ana pansi. Banga analiona koyamba mu Julayi, lili laling'ono, ndipo anakankhirapo kabati kuti lisamaoneke. Ankaopa kuti akanena, eni nyumba akonza kenako n'kukweza lendi, kapena anena kuti ana ndiwo akuthira madzi.

Mantha amenewa ndimawadziwa, inenso ndimachita lendi. Nyumba m'Harare n'zosowa, ndipo munthu amasankha kugona ndi chinyezi kusiyana n'kuoneka wovuta. Komabe khoma lophimbidwa ndi kabati silipuma, ndipo mwezi wathunthu unapita malume asanapatsidwe mpata woti akonze. Mwezi umenewo sindingauike pa iwo. Miyezi iwiri yotsatirayo sindingauike pa banjali.

Lachisanu usiku

Foni ya lero ndi malume inali yolemera. Ndinayamba ndi kufunsa za kumudzi, za feteleza, za mwendo wawo, ndipo pamene ndinafika pa nkhaniyi anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Iwe ndakutuma kuti uziyang'anira nyumba yanga kapena uziimira alendo?"

Ndinati, "Malume, ndikuyang'anira nyumba yanu yomweyo. Madzi akhala akulowa m'maziko kuyambira nthawi yozizira. Tikalimbana ndi anthuwa mwezi wina, tidzagumula khoma lonse. Ndipo uthenga wa Ogasiti uja ulipo, ukafika pamaso pa woweruza sindidzakhala ndi poyankhira."

Sindikufuna wowerenga aliyense awaone malume ngati munthu wouma mtima. Penshoni yomwe anaigwirira ntchito zaka zonse zija inasanduka mapepala pa kugwa kwa ndalama kwa 2008, monga zinachitikira anzawo ambiri. Chomwe anatsala nacho ndi nyumba iyi. Lendi yake ndiyo mankhwala awo, ndiyo feteleza, ndiyo fizi ya adzukulu awiri omwe akuwalera. Ukawauza kuti mwezi uno kubwera theka, ukuwauza kuti asankhe chosiya pa zinthu zimenezi. Eni nyumba ambiri a mtundu wathu kuno ndi otere, okalamba a nyumba imodzi, ena ali ku Malawi, ena akukhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo yomwe. Nyumba zawo zikukalamba nawo limodzi, ndipo pa lendi palibe amapatulapo kangachepe kodikirira tsiku longa ili. Koma kusauka kwa mwininyumba sikusandutsa paipi yake kukhala ya wochita lendi. Ndinawauza zimenezi mwaulemu momwe ndikanathera.

Pomaliza anati, "Chita chomwe waona, koma usandichititse manyazi." Msuweni wanga walonjeza kutumiza madola 150 Lolemba, otsalawo achoke pa lendi.

Lamulungu

Titaweruka ku tchalitchi tinakumana m'nyumba momwemo. Ndinapempha mkulu wa mpingo mmodzi kuti akhale mboni, poti mabanja onse awiri amawalemekeza. Malume ndi msuweni wanga anali pa foni.

Akuluwo anayamba ndi kuti madzi akatayika saoleka, tonse ndife ana a Mulungu komanso alendo m'dziko la eni, aliyense angokonza chake nkhani ithe. Ndinawathokoza, koma ndinapempha kuti tisathere pamenepo. Kukhululukirana kopanda masamu kumasiya wofooka atasenza zonse, ndipo pano wofooka akanakhala mayi amene ana ake akugona pamkeka. Chibale chathu n'chabwino, chimatiika m'manda mwaulemu kuno kutali ndi kwathu, koma pa nkhani ya nyumba chimatipangitsa kuchita manyazi kulemba zinthu, mapeto ake timadana zenizeni. Anavomera, ndipo iwo omwe ndiwo anagwira cholembera.

Tagwirizana motere. Mapaipi onse, valavu ya chimbudzi, pulasitala ndi penti ndi za malume. Matiresi, madola 70, abweza malume, chifukwa chuku chinayamba uthenga utaperekedwa kale. Kabati ya zovala tagawana pakati, poti ikanakhala pamalo pake sikanafufuma chonchi, komanso paipi ikanakonzedwa mu Ogasiti ikanapulumuka. Kalipentala wati kusintha thabwa la kumbuyo ndi madola 40, ndiye aliyense 20. Kabati ya kukhitchini ndi matailosi, madola 75, ndi za banjali lokha, ndipo alipira pang'onopang'ono kwa miyezi itatu. Chipinda chimodzi mwa zinayi sichikugoneka, choncho lendi yatsika ndi madola 70 pa mwezi mpaka ana atabwereramo. Dipoziti sitiikhudza.

Pa makope panalibe mtengo woti titchule. Bambo anati asiye. Msuweni wanga anati ayi, alipira fotokope ya manotsi a anzake a mtsikanayo, ndipo watumiza kale ndalamayo pa foni ya mayi kudzera pa EcoCash. Ndi pomwe bambo aja anamasuka nkhope koyamba chiyambire nkhaniyi.

Onse asaina. Malume avomera ndi uthenga wolemba, ndausunga.

Sabata yachitatu

Zipangizo tinakagula ndi a pulambala. Zitsulo zokolekera ndi zomangira tinazipeza ku Siyaso ku Mbare, komwe mitengo imakambika. Paipi ndi mavalavu ndinaumirira kuti tigule m'hadiweya yopereka lisiti, chifukwa malume ayenera kuona pomwe dola iliyonse yapita, ndipo chinthu chikapezeka chofooka tikhale ndi kobwezera.

Mzere watsopano ndi wa pulasitiki. Kuchokera pa mita wadutsa pansi, ndipo pofika panyumba wakwera kunja kwa khoma n'kulowa molunjika pa mpopi uliwonse. Msuweni wanga anadandaula kuti mapaipi oonekera sakongoletsa nyumba. Ndi zoona, koma paipi ya kunja ikadontha mwana amaiona tsiku lomwelo. Mbali yoombedwa ndi dzuwa taiphimba kuti isakhakhale. Paipi yakale taidula mbali zonse n'kuisiya m'khoma momwemo, kuizula kukanagumula bafa lonse. Taikanso valavu ya chogwirira pafupi ndi khomo la khitchini, yoti ngakhale mwana atha kutseka madzi a nyumba yonse osafuna bobojani. Mayi ati aziitseka usiku uliwonse womwe mipopi yauma.

Madzi atabwera tinabwereza kuyeza kuja. Mipopi yonse yotseka, ola lathunthu, mita sinasunthe. Zipangizo ndi ntchito ya a pulambala zakwana madola 205.

Bilidala wasenda pulasitala yense wofewa, kupitirira pang'ono pomwe chinyezi chinalekezera. Banjali likufuna amate mawa lomwe, ndipo ndikuwamvetsa, pabalaza papanikizana. Koma njerwa yomwa madzi miyezi itatu siuma ndi masiku awiri. Ukaimata ili yonyowa, mchere woyera umatulukira pamwamba n'kukankha penti, ndalama n'kupita pachabe. Zenera likhale lotsegula usana wonse. Kutentha kwa mwezi uno kutithandiza, bola mvula ya Novembala isatipeze.

Sabata yachinayi, Lachiwiri

Bilu ya khonsolo imabwera m'dzina la malume, ndipo madzi, suweji, zinyalala ndi msonkho wa malo zimakhala pa pepala limodzi. Mwa mgwirizano wathu banjali limalipira mbali ya madzi. Chodontha chili mbali ya nyumba kuchokera pa mita, choncho khonsolo ilibe nacho kanthu, madzi odutsa pa mita ndi oti alipiridwe basi. Ndatenga mabilu a miyezi yomwe kunalibe vuto, ndapeza zomwe banjali limagwiritsa ntchito nthawi zonse, ndipo zimenezo ndiye alipira. Zopitirira apo kuyambira Ogasiti zili kwa malume. Usiku umodzi wa mpopi wa kukhitchini uja sitingathe kuupatula pa nambala, ndiye bambo anena okha kuti aikapo madola 5.

A pulambala asanachoke ndinawapempha kuti aone ngalande ya kuseri, pomwe madzi a kukhitchini amalowera mu suweji, chifukwa amatsika mochedwa. Anavuulamo mchenga wodzaza chitini, supuni ndi kansanza. Mchengawo ndi wokwechera mapoto. Apa ndalankhula mosanyengerera, pakuti kutsekeka kotere ndi kwa wokhala m'nyumba, ndipo suweji ikasefukira pabwalo nkhani yake siikhalanso ya ndalama. Kolera ya 2008 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo ya 2018 inayambira ku Glen View ndi Budiriro, kufupi ndi ife konkuno. Mapoto azitsukira m'beseni, madzi amchengawo azithira kumunda.

Loweruka

Talemba pepala latsopano la lendi, masamba awiri, m'Chingerezi ndi m'Chichewa kuti malume awerenge okha. Tawonjezeramo kuti wochita lendi akaona chinyezi, kudontha kapena mita ikuyenda mipopi ili yotseka, alembe uthenga ndi chithunzi pasanathe masiku awiri, kwa ine ndi kwa msuweni wanga nthawi imodzi. Eni nyumba ayankhe ndi tsiku lomwe mmisiri abwere, pasanathe masiku asanu ndi awiri. Akapanda kutero, wochita lendi aitane mmisiri pa ntchito yosapitirira madola 100, achotse pa lendi ndi lisiti. Mawashala a mipopi ndi kutsekeka kwa sinki ndi za wokhalamo. Mapaipi, mavalavu ndi denga ndi za mwini. Mfundo yomwe ndinailimbikira kwambiri ndi yoti lendi sidzakwera chifukwa choti munthu wanena za vuto. Malume anaikana poyamba, kenako anati ilembedwe. Avomeranso kuti mwezi uliwonse ndizipatula madola 15 pa lendi, azikhala a zokonza.

Momwe zilili lero: mapaipi atha, chimbudzi chasiya kutaya madzi, matiresi atsopano afika, kabati ya zovala ili kwa kalipentala. Dzulo ndinamata pulasitiki pa njerwa n'kuisiya usiku wonse. M'mawa uno kunsi kwake kunali timadontho tochepa, kumunsi kwenikweni kwa khoma. Bilidala wati tidikire sabata ina tiyezenso, zikauma amata, ndipo penti idikira pulasitala aume naye. Ntchito yake ndi madola 85, theka talipira. Banjali lapereka gawo loyamba la kabati ya kukhitchini, madola 25. Lendi ya Novembala ikhalabe 210 ngati ana adzakhale asanabwerere kuchipinda kwawo pofika pa 1.